Kabati ya mukwa ya pakhonde lakuseri

Loweruka, 7 Seputembala 2024

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Langa ndinalipereka mu Juni, usiku umene ndinaponda phini pabalaza ndikupita kokatseka zenera. Mayi akunyumba amasoka, ndipo ulusi, mazipi, mabatani ndi masizasi zimakhala m'zitini za mabisiketi, zina m'kabasiketi, zina pansi pa mpando. Ndikuzula phiniyo kuphazi ndinanena mokweza kuti ndiwapangira kabati ya madirowa. Sanayankhe, komanso sanaiwale.

Sindine kalipentala. Mkati mwa sabata ndimakhala muofesi m'tauni. Kupala ndinaphunzira kwa amalume ku Katete pa tchuthi ndili pasukulu, ndipo ndi iwo anandisiyira mapuleni awiri a Stanley, No. 4 ndi No. 5, matchizulo anayi, ndi sikweya imene chogwirira chake chinada bii ndi thukuta. Benchi ili pakhonde lakuseri kuno ku Mtendere mu Lusaka, pafupi ndi mpopi umene masiku ano umangotulutsa mphepo.

Kabatiyi ikhala mamilimita 900 m'lifupi, 800 msinkhu, 450 kulowa m'kati. Miyendo inayi ya 45 ndi 45. Madirowa anayi: awiri aang'ono pamwamba oyandikana, a msinkhu wa 120, ndi awiri aakulu pansi pake a 190. Pansi patsala mpata wokwanira kuti tsache lizilowa.

Chimene chandisowetsa tulo ndi mtundu wa madirowa. Makabati ambiri amene mumawaona m'mbali mwa msewu, nkhope ya dirowa imakhala kunja, kuphimba fulemu. Ngati bowo lapendekeka kapena dirowa yachepa, nkhopeyo imabisa zonse. Ine ndikufuna aja olowa m'kati, amene amisiri amati inset: nkhope imalowa m'bowo n'kulingana ndi fulemu, ndipo kuzungulira pake pamangotsala kampata kowonda ngati kamzere ka pensulo. Kampatako sikanama. Kakakula mbali imodzi ndi theka la milimita, ngakhale mlendo wosadziwa za matabwa amaona kuti pali chinachake, angolephera kutchula kuti n'chiyani.

M'mamawa ndinali ku Buseko, kumsika wa matabwa. Kwathu kum'mawa mtengowu timati mlombwa, koma mukatero pamsika uja anyamata amangokuyang'anani. Kuno ndi mukwa. Ndinatha maola awiri ndikutembenuza matabwa, mnyamata wogulitsa mpaka anatopa nane. Ndimafuna a mtima wa mtengo, ofiirira. Mbali yoyera ya kunja ija tizilombo tofumbula timaikonda, pomwe mtima ngakhale chiswe chimaulambalala. Thabwa limodzi lalitali, la mizere yokhota ngati madzi a mumtsinje, ndaliika padera: nkhope ziwiri zapamwamba zidzachokera m'menemo motsatizana, kuti mizereyo idzadutse kuchoka pa dirowa ina kupita pa inzake osaduka.

Matabwa otambalala akusowa. Amalume ankapanga pamwamba pa tebulo ndi matabwa awiri okha. Ine pa mamilimita 450 ndilumikiza atatu. Mtengowu umakula pang'onopang'ono ndipo wadulidwa kwambiri. Mukula, m'bale wake wa mukwa, unalowa m'ndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, mu 2019, ndipo mu Novembala 2022 ku Panama anawonjezamo abale ake onse a mu Africa, mukwa womwe. Ndiye ukagwira thabwa labwino m'manja, dzanja limanjenjemera pang'ono usanaikepo sowo.

Ndagulanso paini wa ku Copperbelt wa m'mbali ndi kumbuyo kwa madirowa, ndi pulayiwudi imodzi ya mamilimita 6 ya pansi pake.

Loweruka, 28 Seputembala

Sabata zitatu osadula kanthu. Mayi amati akadutsa pakhonde amayang'ana mulu wa matabwa, kenako ine, n'kupitirira.

Ndinawasanja pa njerwa, pakati pa thabwa ndi thabwa n'kuikapo timitengo toti mphepo izidutsa, pamwamba mabuloko a simenti kuti asapindike. Kumapeto ndinapaka penti yotsala ya pageti, chifukwa thabwa limataya madzi msanga kumapeto ndipo ndi kumene limayambira kung'aluka.

Kachipangizo koyezera chinyezi ndilibe. Ndinadula kachidutswa ka mukwa n'kumakayeza Loweruka lililonse pa sikelo ya mayi ya makeke, iwo ali kutchalitchi ku kwaya. Kanayamba magalamu 412, kenako 391, kenako 383, lero 381. Kakasiya kupepuka ndiye kuti thabwa lagwirizana ndi mpweya wa pano. Paini anauma kale.

Koma mpweya wa pano ndi wa Seputembala, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chinyezi cha mumpweya chikakhala pa 30 peresenti, thabwa limakhazikika ndi madzi pafupifupi 6 peresenti. Chikafika pa 80, limamwa mpaka pafupifupi 16. Lusaka amalawa zonse ziwiri chaka chilichonse. Ndikupanga madirowa pa nthawi imene matabwa anyala kotheratu. Kuchokera pano sangachepenso, angotupa.

Loweruka, 5 Okutobala

Kupala matabwa onsewa ndi manja kukanandifikitsa Khirisimasi, choncho ndinawatengera ku Kalingalinga, kwa madala ena amene ali ndi makina opalira kuseri kwa mashedi a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Vuto ndi magetsi. Kuyambira pamene mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalachi ndi tsoka la dziko, madzi kudamu lopangira magetsi la Kariba akhala akutsika, ndipo kwathu malaiti amabwera maola atatu kapena anayi, nthawi zambiri anthu tili m'tulo. Madalawo amagona pashedi pomwepo. Babu ikangoyaka amadzutsa anyamata, makina n'kuyamba kulira pakati pa usiku. Ndinasiya matabwa Lachiwiri, ndawatenga lero.

Ndinalakwitsa kuwaonetsa pepala la pulani. Anavala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ndani anakuuza kuti uchite inset?"

"Palibe, atate. Ndimangoikonda."

"Manje ukazaona mu Januwale. Gula chabe ma runner, uike nkhope panja, ugone bwino."

Anandifotokozera modekha, ngati munthu amene wanenapo zimenezi kambirimbiri. Ma runner, tinjanji tachitsulo ta timipira toyendapo dirowa, amafuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse, ndipo mpata umenewo umameza kutupa konse. Nkhope yakunja imabisa zotsalazo. Iwo pa sabata amatulutsa makabati angapo, ndipo wogula akafika amafunsa mtengo ndi kuwala kwa vanishi, safunsa za kampata. Dirowa imodzi ya inset yoyenda pa thabwa imawadyera tsiku, ndipo tsikulo palibe amene amalilipira.

Sindinatsutse, chifukwa pa ntchito yawo akunena zoona. Ndikanakhala kuti ana anga akudya za benchi, nanenso ndikanagula ma runner. Koma ine wondithamangitsa ndi mmodzi yekha, ndipo timadya mbale imodzi. Komanso ma runner otchipa ndawaonapo atatha: timipira timagwa, fumbi la Lusaka limalowa mu girisi, dirowa n'kumalira ngati wilibala. Dirowa ya m'tebulo la amalume ku Katete ikuyendabe pa thabwa ndi phula la kandulo.

Ataona kuti sindisintha, anavula magalasi n'kundipatsa chimene ndinabwerera osadziwa. Anatola chidutswa cha paini n'kundionetsa kumapeto kwake, pamene pamaoneka mizere ya zaka za mtengo.

"Ona apa. Mizere ikagona motsata thabwa, ili lizatupa maningi. Ikaimirira, lizatupa hafu. Za m'mbali mwa dirowa sankha zoimirira."

Thabwa silitupa m'litali, limatupa m'lifupi, ndipo lochekedwa mogona limatupa pafupifupi kawiri kuposa lochekedwa moimirira. Izi ndinkazidziwa za m'mutu. Sindinaganizepo zokhala pansi n'kusankha matabwa a paini limodzilimodzi poyang'ana kumapeto.

Lachisanu ndi Loweruka, 18 ndi 19 Okutobala

Tchuthi cha tsiku la mapemphero chandipatsa masiku awiri otsatizana. Sabata ziwiri zapitazi madzulo aliwonse ndakhala ndikugoba mabowo m'miyendo ndi tchizulo, ndi kucheka malilime olowamo, tochi ya pamutu ili pachipumi. Za zimenezo palibe chokamba. Ndi ntchito yongofuna tchizulo yakuthwa ndi msana.

Mukwa umapalika bwino ndipo umanunkhira, koma fumbi lake limandiyetsemulitsa, ndipo pamene mizere yakhota puleni imazula m'malo mopala. Pamenepo ndimayandikizitsa chitsulo chapamwamba kufupi kwenikweni ndi mpeni, n'kumachotsa zopyapyala ngati khungu la anyezi. Pokanikiratu ndimakanda ndi chidutswa cha sowo yakale.

Mbali ziwiri za kabati ndinamata Lachisanu, iliyonse payokha. Matabwa apakati ndinawalowetsa m'ngalande popanda guluu, kuti azitupa ndi kunyala mwaufulu. Ukawamata amadzang'aluka okha. Zonsezo zinayenda bwino, ndipo mwina n'chifukwa chake Loweruka ndinadzuka ndi matama.

Ndinayamba kumata mafulemu akutsogolo ndi akumbuyo cha m'ma 10 koloko, dzuwa la Okutobala litakwera kale. Guluu woyera uja pa kutentha kotere sadikira munthu. Ndikumamanga kalampu yomaliza, woyamba uja anali atayamba kugwira. Ndinatenga tepi kuyeza kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yopingasana nayo: 971. Mbali inayo: 976. Mamilimita asanu. Sikweya ikanandinamiza, chifukwa ndi yaifupi, koma miyeso iwiri yopingasana ikasiyana ndiye kuti bokosi lapendekeka, palibe kukambirana.

Pa kabati ya nkhope zakunja ndikanangopukusa mutu n'kupitiriza. Apa mabowo onse anayi akanakhala opendekeka, ndipo nkhope iliyonse ndikanaipala mopendekeka kuti itsatire bodza la bowo lake.

Ndinakuwa kuitana mwana wanga wamkulu. Kalampu yaitali yofika ngodya ndi ngodya ndilibe, choncho tinamasula chingwe choyanikira zovala, kuchizunguliza kawiri pa ngodya zotalikiranazo, kulowetsa mpini wa hamala pakati n'kumapotokola. Iye akupotokola, ine ndili ndi tepi. Fulemu inalira kuti tswii, n'kusuntha. Titafika pamene miyeso yonse iwiri inali pakati pa 973 ndi 974 ndinamuuza agwire pomwepo asapume, ndipo ndinamangirira mpiniwo kumwendo. Malaya a sukulu amene anali pachingwe tinawapeza pansi, ndipo mlandu wake sunathe mpaka madzulo.

Chinapendeketsa n'chiyani? Khonde lathu linapangidwa motsetsereka kuti madzi azituluka, ndipo kalampu imodzi ndinaimanga mopingasa pang'ono. Zonse ziwiri ndi zanga. Kumata kotsatira kudzachitika 5 koloko m'mawa, pabalaza.

Lachinayi, 24 Okutobala

Dziko likukondwerera zaka 60 za ufulu, ine ndili m'kati mwa kabati mpaka m'mapewa.

Dirowa iliyonse imafuna zinthu zitatu zimene munthu sadzaziona: thabwa loyendapo pansi, thabwa loitsogolera m'mbali kuti isakhotere kwina, ndi thabwa lapamwamba loletsa kuti isagwe mphuno ikatulutsidwa. Zonse ndapanga za mukwa, chifukwa paini akamakhuzana ndi paini amadyana msanga.

Madirowa aakulu ali ndi vuto lawolawo. M'lifupi ndi 810, kulowa m'kati 400 yokha. Dirowa yotambalala kuposa kuya kwake imakonda kupingasa: ukaikoka mbali imodzi imakhota n'kudzitsekera yokha. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mpata wa m'mbali kuti isapeze pokhotera. Koma kutsogolo ndikufuna kampata kooneka ka milimita imodzi ndi theka. Ndiye matabwa otsogolera aja ndawatulutsa milimita imodzi kuposa mwendo, kulowa m'bowo. Dirowa izikhudza iwowo ndi mpata wa theka la milimita, pomwe nkhope ikhale patali ndi mwendo monga ndikufunira. Kumbuyo ndawatsegula pang'ono, ngati kukhuthala kwa pepala, chifukwa bowo lopanikiza kumbuyo limagwira dirowa ili pakati pa ulendo. Chogwirira chidzakhala chimodzi, pakati. Ziwiri zimaitana munthu wonyamula nsalu kudzanja lina kuti akoke mbali imodzi.

Madzulo ndinasankha paini monga ananenera madala aja. Oimirira mizere anakwana madirowa atatu. Ya pansi penipeni yatsala ndi ogona. Kubwerera ku Buseko chifukwa cha matabwa awiri, n'kuwadikiranso sabata zitatu, ndinaona ngati kuchulutsa gaga m'diwa. Ndagwiritsa ntchito omwewo. Ndikulemba pano kuti ndisadzanamizire wina.

Loweruka, 2 Novembala

Madirowa onse anayi alumikizidwa. Kutsogolo ndi dovetail (kulumikiza matabwa ndi mano olowana) yobisika, ija mano ake amaoneka m'mbali mokha, nkhope n'kukhala yosalala. Kumbuyo ndi yoonekera. Yoyamba inandidyera madzulo atatu, yomaliza amodzi. Pansi pake pulayiwudi imalowa m'ngalande kuchokera kumbuyo, ndipo pa aakulu aja ndaika thabwa pakati logawa pansipo pawiri, kuti pasadzagwe mimba akadzadzaza zitenje.

Dirowa ya inset sumaipanga pa muyeso wa papepala. Umaipanga yonenepa pang'ono, yosalowa, kenako n'kumaisenda mpaka bowo lake liilandire. Ndipo iliyonse ili ndi bowo lake. Ndazilemba manambala kumbuyo, chifukwa ziwiri zapamwamba zija, ngakhale zimaoneka mapasa, zimasiyana ndi kachidutswa ka milimita.

Ndinakhoma thabwa lolimba pabenchi lotulukira kunja, n'kumavekapo dirowa ngati malaya pa mpando, kuti mbali imene ndikupala ikhale ndi chochirikiza pansi. Puleni ndimaiyendetsa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo ndikayandikira kumapeto ndimatembenuka, apo ayi mpeni umabenthula mano a kumbuyo. Kupala kawiri, kukayesa. Kupala kawiri, kukayesa. Ikagwira sindiikakamiza, ndimaitulutsa n'kuyang'ana m'mbali pa kuwala. Pamene pakukhuza pamanyezimira. Pokayikitsa ndimakhwatcha ndi pensulo mbali yonse, kuilowetsa, kuitulutsa: pamene pensulo yafufutika ndi pamene pali phiri. Puleni ipite pamenepo pokha.

Chiyeso chachikulu ndi pamene dirowa yalowa magawo awiri mwa atatu n'kuima. Mtima umati chotsa kwambiri tithane nazo. Koma nthawi zambiri chotsala ndi zopala zitatu, ndipo chachinayi ndi chimene chimasandutsa dirowa kukhala chigwenembe.

Poyeza kampata ndagwiritsa ntchito makhadi akale a kubanki. Lililonse ndi lokhuthala mamilimita 0.76, ndiye awiri ndi milimita imodzi ndi theka, atatu ndi 2.3. M'mbali mwa nkhope ndasiya makhadi awiri, ndipo pamenepo sipadzasintha chifukwa thabwa silitalika. Pansi ndapala nkhope yokha kuti ikwere pang'ono, dirowa iziyenda pa matabwa a m'mbali, nkhope isamakhule fulemu. Pamwamba ndasiya atatu.

Mayi atabwera kudzaona analoza pomwepo.

"Bambo, bwanji apa pakula kuposa m'mbalimu?"

"Ndasiyira mvula, mayi."

"Mvula ilowa m'nyumba?"

Ndinawakumbutsa chitseko cha kubafa, chimene mu Okutobala chimatsekeka ndi chala koma mu Febuluwale chimafuna phewa. Anati chitsekocho n'chimene amayembekezera kuti ndikonza kaye.

Kuwerengera kwanga n'kotere. Paini wogona mizere amasintha pafupifupi kota ya peresenti m'lifupi mwake pa peresenti iliyonse ya chinyezi. M'nyumba chinyezi cha thabwa chikakwera ndi 6, mbali ya dirowa ya mamilimita 188 ikula ndi pafupifupi 2.8. Woimirira mizere, theka lake. Mukwa ndi umodzi mwa mitengo yosasuntha kwambiri, n'chifukwa chake amisiri amaukonda pa zitseko, ndiye nkhope sizikundidetsa nkhawa. Makhadi atatu akwanira madirowa atatu. Ya pansi ija masamu akukana. Ndinaganiza zoisenda kwambiri lero lomwe, koma mpata wapamwamba ukachuluka dirowa imagwa mphuno miyezi isanu ndi iwiri ya chilimwe chifukwa cha miyezi isanu ya mvula. Bola ndidikire, idzandiuze yokha pamene ikufuna.

Chinthu chimodzi chinandisangalatsa ngati mwana. Nditapaka phula la kandulo, ndinakankha dirowa yapakati kuti itseke, ndipo yapamwamba kumanja inatuluka yokha pang'ono. Mpweya unasowa kothawira. Ndinabwereza kasanu, mpaka mwana wamng'ono anakaitana anzake.

Loweruka, 9 Novembala

Ndaononga nkhope imodzi.

Inali dirowa yapamwamba kumanzere. Lachitatu madzulo ndinaona ngati kampata kapamwamba kachepa mbali imodzi, ndipo m'malo modikira kuwala kwa Loweruka ndinatenga puleni ndi tochi. Mthunzi wa tochi unandinamiza mbali. Ndinapala kumene kunali kokwana kale, kuyesa, kuona kuti sizinasinthe, n'kupalanso komweko. M'mawa kutacha ndinapeza mbali ina makhadi atatu, mbali ina asanu akulowa mosavuta.

Kupanga ina sikutheka, chifukwa nkhopeyi ndi inzake zinachokera m'thabwa limodzi lija, ndipo thabwa lachilendo lingadule mizere pakati. Ndinakhala pa ndowa nthawi yaitali. Kenako ndinakafukula mulu wa zidutswa, umene mayi akhala akuupempha kuti ukhale nkhuni za mbaula, n'kupeza kachidutswa kamene ndinacheka m'mphepete mwa thabwa lomwelo. Ndinawongola pamwamba pa nkhopeyo, kumatapo kachidutswako motsata mizere, kumanga ndi tepi ya pepala ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kusiya usiku wonse. Lero ndapala mpaka makhadi atatu, panja, dzuwa likuwala.

Mzere wa guluu ulipo. Ine ndikuuona ndili pakhomo. Mlamu wanga anabwera masana, ndinamuuza kuti apeze cholakwika pa kabatiyi, ndipo atazungulira kawiri anati mwendo wakumbuyo ukuoneka wofiira kuposa inzake.

Ndamatanso timatabwa toimitsa madirowa, tiwiri pa bowo lililonse, pa fulemu kuseri kwa nkhope. Ndinatiika patsogolo pang'ono dala, n'kumatisenda ndi tchizulo mpaka chala chikadutsa kuchoka pa fulemu kupita pa nkhope chisamve polumikizira.

Loweruka, 23 Novembala

Pamwamba ndamangirira ndi timatabwa tolowa m'ngalande, osati guluu, kuti thabwa la mamilimita 450 lizipuma. Sandipepa 120, 180, 220. Pa zopaka tinakangana: ine ndimafuna mafuta a linseed okha, mayi amafuna chowala. Tagwirizana mafuta thupi lonse, vanishi pamwamba pokha, pamene padzakhale kapu ya tiyi ngakhale alumbire kuti sipadzakhala. Ndapaka pansi pa thabwalo chimodzimodzi, kuti mbali imodzi isamamwe chinyezi kuposa inzake n'kulipinda. M'mbali mwa madirowa simunapite kanthu koma phula. Vanishi m'menemo imamata. Nsanza za linseed ndinaziyanika pa waya chotambasula, chifukwa zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka.

Mafuta atangolowa, mizere ija inadzuka, kuchoka kumanzere kudutsa mpaka kumanja. Tainyamula anthu atatu kuilowetsa pabalaza. Zogwirira sindinapeze zondikomera. Za m'mashopu a ku Kamwala zimene ndinaona n'zonyezimira kwambiri pa mukwa. Ndaboola kabowo kamodzi pakati pa nkhope iliyonse, ndipo mayi alowetsamo timizere ta chitenje n'kumanga mfundo m'kati, pongoyembekezera.

Loweruka, 18 Januwale 2025

Mvula yagwa sabata yonse. Zovala sizikuuma, mchere wanyowa m'botolo, chitseko cha kubafa chayamba kufuna phewa.

Lachinayi ndili kuntchito foni inalira.

"Bambo, kabati yanu yandimana nsalu ya kasitomala."

Ikayenda bwino ndi yawo, ikakana ndi yanga. Ndinafunsa kuti ndi dirowa iti, ngakhale ndinkadziwa. Ndinawapempha kuti asakoke ndi mphamvu; kachitenje kangaduke, kapena mano a kutsogolo angasukusike. Madzulo ndinatulutsa dirowa yapakati, kulowetsa dzanja m'bowo mwake mpaka kumbuyo, n'kukankha ya pansiyo kuchokera m'kati, uku mwana akukoka pang'onopang'ono kutsogolo. Inatuluka ikulira.

M'mbali munalibe vuto, monga ndinayembekezera. Pamwamba pa matabwa awiri a paini aja ndi pamene pananyezimira, mzere wonse, ngati papakidwa polishi. Ndinayeza: mu Novembala anali 187.5, lero adutsa pang'ono 190. Atatu enawo akuyenda, ngakhale yapakati yayamba kulemera pang'ono kumapeto. Kampata kapamwamba pa nkhope zazikulu, kamene mayi anakaloza kuti kakula, tsopano khadi lachitatu likulowa mokakamiza, ndipo ndi maso sikakusiyananso kwenikweni ndi ka m'mbali.

Lero m'mawa ndinaveka dirowayo pa thabwa lija la pabenchi. Zopala zinayi mbali iliyonse, kuyesa, ziwiri zina, kuyesa. Ndinaima pamene khadi limodzi linayamba kulowa pakati pa paini ndi thabwa lapamwamba. Sindinapitirire, chifukwa ino ndi nthawi imene yatupa pafupifupi kufika pamapeto, ndipo chilichonse chimene ndichotse lero ndidzachiona ngati mpata mu Okutobala. Ngati Febuluwale aigwiranso, puleni ili pafupi. Nkhope sindinaikhudze. Phula, kulowetsa, ndipo yapakati inatuluka yokha pang'ono ngati kale.

Masana ndinadutsa ku Kalingalinga kukanoletsa sowo. Madala aja anali pansi pa lona akudikira kuti mvula ikate. Sindinayambe ndine.

"Zingati zagwira?"

"Imodzi, atate. Ya paini wogona."

"Imodzi chabe?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Nenze n'naika ziwiri."

Ndinawafunsa ngati angandizungulizire zogwirira zinayi za mukwa pa makina awo, zozungulira, za mamilimita 30, kuchokera ku zidutswa za miyendo zimene ndinabweretsa m'thumba. Anazitembenuza m'manja, n'kuti ndibwere Lachitatu ngati malaiti abwera usiku. Nditafika kunyumba n'kuwauza mayi, anati za madirowa aakulu ndiike, koma aang'ono awiriwo ndisiye timizere ta chitenje, chifukwa apachikapo kale mapini.